Zala Ziwiri, Nsambo Zisanu: Zimene Matepi Anasunga za Daniel Kachamba

Mukafunsa akuluakulu a ku Mponela, ku Madisi kapena ku Malomo za Daniel Kachamba, ambiri amayamba ndi kumwetulira, kenako n'kutchula udokotala umene anthu ankamutchulira, mawu a nyimbo zake, ndi liwu lake lija losavuta kulizindikira. Ndi ochepa amene amatchula dzanja lake lamanja. Sindikuwaimba mlandu. Nyimbo zake zinkakwera mapiri a Dowa ndi Ntchisi kudzera pa MBC, n'kudzatulukira pa kasipika ka wailesi ya Nzeru, mabatire ake atayanikidwa padzuwa kuti akokeko tsiku lina. Kasipika kotero kamatulutsa bwino liwu la munthu ndi nsambo zing'onozing'ono, koma kulira kwa nsambo zikuluzikulu, zimene chala chachikulu chimamenya, kumathera m'njira. Ndipo theka la luso la Kachamba linali m'chala chachikulucho. Choncho kuno tinalandira woimba wa nthabwala ndi malangizo, pamene wopeka nyimbo za gitala, mmodzi mwa akatswiri enieni amene chigawo chino cha Africa chinabala, anatsalira m'matepi amene ambiri a ife sitinawamvepo.

Woimba akamwalira timatsala ndi zokhazo zimene munthu wina anaona kuti n'zoyenera kujambula, pa makina amene anali nawo, pa zifukwa zake. Kuti izi zimveke bwino, tiyeni tione kaye munthu wa kutsidya la nyanja amene anagwira ntchito yofanana ndi ya Kachamba. Lonnie Johnson, mbadwa ya ku New Orleans, anapambana mpikisano woimba blues mumzinda wa St. Louis mu 1925, ndipo mphoto yake inali pangano lojambula ndi kampani ya OKeh. Pofika 1932 anali atajambula nyimbo zoposa 100 ku kampaniyo. Mu Disembala 1927 analowa mu situdiyo ndi Louis Armstrong, chaka chotsatira ndi Duke Ellington, ndipo mu 1928 ndi 1929 anajambula nyimbo za magitala awiri okha ndi Eddie Lang, mzungu amene pa mbalezo ankalembedwa kuti Blind Willie Dunn chifukwa cha tsankho la nthawiyo. Mbale ya galamafoni inkatha pakangopita mphindi zitatu kapena kupitirirako pang'ono. Malire amenewa ndiwo anaumba kaimbidwe ka Johnson. Ankayenera kulowa msanga, kunena zake pa nsambo imodziimodzi mwa dongosolo lokhala ndi chiyambi ndi mathero, n'kutuluka singano isanafike pakati pa mbale. Moyo sunamukomere nthawi zonse; chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankagwira ntchito yoyeretsa mu hotela ku Philadelphia. Komabe pafupifupi gawo lililonse la luso lake lili ndi mbale yake, tsiku lake ndi nambala yake. Wofuna kudziwa mmene zala zake zinasinthira pakati pa 1926 ndi 1948 angathe kungoyala mbalezo motsatana n'kumvetsera.

Kachamba analibe OKeh wake. Nyasaland inalibe kampani yodinda mbale. Woimba wa kuno wofuna kumveka pa galamafoni ankayenera kukapezeka ku Salisbury, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg, apo ayi adikire galimoto ya wojambula nyimbo Hugh Tracey kapena ya anthu a wailesi ya ku Lusaka, ija inkamveka pa mawailesi ooneka ngati sefuliya kuyambira mu 1949. Dziko litalandira ufulu mu 1964 ntchito yojambula inagwera MBC, ndipo MBC inkajambula kuti iulutse, osati kuti igulitse. Kampani ya Nzeru inayesako kutulutsa timbale ting'onoting'ono chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma sinakhalitse. Bungwe la COSOMA, loona za umwini wa nyimbo, linayamba ntchito mu 1992, Daniel atagona kale m'manda zaka zisanu.

Anabadwira ku Limbe mu 1947, kwawo kwenikweni kukhala m'mudzi wa Singano ku Chileka. Bambo ake, a James Kachamba, ankaimbanso gitala. Kuyambira 1957 mpaka 1961 banjali linkakhala ku Salisbury, ndipo izi ndi zaka zimene kwela inali pachimake. Mbale za Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso zinkalira m'malokeshoni onse a kummwera kuno, ndipo mu 1958 nyimbo ya zitoliro ya Tom Hark inagulidwa kwambiri mpaka ku Britain. Kuchokera kumpoto kunkabwera mbale za Mwenda Jean Bosco, amene Tracey anamujambula ku Katanga mu 1952, ku Bulawayo kunali George Sibanda, ndipo pambuyo pake twisti ya ku Nairobi inafikanso. Daniel ndi wa m'badwo woyamba umene mphunzitsi wake wamkulu anali galamafoni. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa mmene imaonekera. Wophunzira bangwe kapena mangolongondo amakhala pafupi ndi mwini wake n'kumaona zala. Wophunzira kwa mbale amangomva. Sadziwa ngati akumva gitala mmodzi kapena awiri, sadziwa mmene nsambo zachunidwira, sadziwa chala chimene chagwira pati. Amayenera kudzipezera yekha njira yofikira kulira kumene wamva, ndipo njira imene amapezayo kawirikawiri imakhala yatsopano. Anthu amene amati oimba a m'badwo umenewu ankangokopera za ku South Africa ndi ku Congo saganizira zimenezi. Kukopera ndi khutu lokha kumafuna kupeka. Zomwezi zinkachitikanso m'midzi ya kwa Msakambewa, kwa Chiwere ndi kwa Kalumo, kumene amuna obwera ku Wenela ndi ku Mthandizi ankatsitsa galamafoni ndi mbale zingapo, ndipo anyamata ankayamba kusema mabanjo kuti atsanzire zimene amva.

Kumayambiriro kwa 1967, Gerhard Kubik wa ku Vienna anakumana ndi kagulu ka anyamata kakuimba mumsewu mu Blantyre. Kubik sanali wofufuza wamba. Ali mnyamata ankaimba clarinet m'gulu la jazz kwawo, ndipo anali atayendayenda mu Africa kuyambira 1959 akuphunzira kuimba zida za eni nthaka. Khutu lake linazindikira msanga chimene anthu odutsa ankangochitaya ngati phokoso la ana opempha makobiri: kuti anyamatawa anali ndi kadumphidwe kaja ka jazz ya Count Basie ndi anzake, kamene kanadutsira ku Johannesburg n'kusandulika kena. Anawajambula pa tepi ndi pa filimu chaka chomwecho, ndipo apa ndipo panayambira mbiri yolongosoka ya zojambula za abale a Kachamba. Chimbale chawo chinatuluka ku Vienna mu 1972, ndipo buku la Kubik lofotokoza gululi linasindikizidwa m'Chingerezi mu 1974 kudzera ku yunivesite ya Zambia.

Zojambula za 1967 n'zotentha. Kutsogolo kuli chitoliro cha Donald, mng'ono wake, amene panthawiyo anali kamnyamata. Ankachilowetsa mkamwa mopendeka, chakutsaya, monga ankachitira akatswiri a kwela, ndipo kagwiridwe kameneka kamakuza liwu la chitoliro ndi kulola woimba kupotoza manoti, kuwatsitsa pang'ono kapena kuwakweza. Pansi pali besi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi, pambali maseche. Daniel, wa zaka 20, akuimba ndi pakamwa kwinaku akukwapula gitala. Ndimazikonda nyimbo zimenezi, koma ndiyenera kunena kuti m'menemu gitala ndi wantchito. Ntchito yake ndi kusunga makiyi atatu kapena anayi ozungulirazungulira ndi kukankha gule kuti asagwe. Amaichita bwino kwambiri, mosatopa, mosathamangira kutsogolo kwa anzake. Koma amene angamve zimenezi zokha adzati Daniel anali mtsogoleri wabwino wa gulu, basi. Daniel amene ndikumunenayu amaonekera akakhala yekha.

Akakhala yekha ankasiya kukwapula n'kuyamba kutola nsambo ndi zala ziwiri zokha, chachikulu ndi chamkombaphala. Kawirikawiri ankachotsa nsambo imodzi n'kutsala ndi zisanu. Munthu angaganize kuti ndi umphawi, kuti nsambo inaduka ndipo panalibe yogula. Mwina kwa ena zinayambira pamenepo, koma kwa iye chinali chisankho. Mpata wotsalawo umalekanitsa nsambo za pansi ndi za pamwamba, kotero kuti khutu limamva magulu awiri osiyana, ndipo chala chachikulu chimapeza malo odumphira popanda kugunda nsambo yosafunika. Pakhosi la gitala ankamangapo kapo kuti akweze liwu lonse lifanane ndi mmero wake, ndiponso kuti nsambo zifupike, zilire mouma, zisamachedwe kuleka. Kulira kwa msanga n'kuleka msanga ndiko kumafunika pa kaimbidwe aka, chifukwa noti iliyonse iyenera kupatsa malo inzake yobwera m'mbuyo mwake.

Wa ku Dowa kapena ku Ntchisi safunika kumufotokozera zambiri za mmene zala ziwirizi zimagawanirana ntchito, pakuti anakula akumva zimenezi pa bwalo la gule. Chala chachikulu ndi mpanje: chimagwira nthaka, sichisuntha, sichitengeka ndi zochitika pamwamba. Chamkombaphala ndi mbalule: chimalankhula, chimalowa m'mipata, chimachedwa dala kapena kufulumira kuti wovina atembenuke. Chodabwitsa n'chakuti zonsezi zikuchokera m'dzanja limodzi, pamwamba pake munthu yemweyo akuimbanso ndi pakamwa mawu amene ali ndi mayendedwe awoawo. Dzanja lamanzere nalo silingogwira makiyi chabe. Limadinikiza nsambo n'kuzimasula nthawi yomweyo, kotero kuti manoti ena amatuluka omveka bwino, ena amatuluka ngati kugogoda. Mukamvetsera kwa nthawi, mumayamba kumva kanyimbo kachitatu kamene palibe chala chimene chikukaimba pachokha. Kamabadwa pamene khutu lanu likusonkhanitsa manoti oyandikana, ena ochokera ku chala chachikulu, ena ku chamkombaphala. Kubik anayamba kufotokoza zimenezi ataphunzira mangolongondo a ku Buganda otchedwa amadinda kwa Evaristo Muyinda, ndipo anadzazipezanso m'magitala a pakati ndi kummwera kwa Africa. Chimene chimasonyeza ukatswiri wa Daniel n'chakuti kanyimbo kobisikako sikankabwera mwangozi. Ankayala manoti ake mwadala kuti kabadwe, ndipo akasintha noti imodzi yokha m'gudumu lonse la manoti ozungulirazungulirawo, kanyimboko kankasanduka kena, womvera n'kuganiza kuti nyimbo yasintha pamene dzanja likuchita pafupifupi zomwe zija.

Apa ndi pamene amasiyana kwambiri ndi Lonnie Johnson. Johnson amayenda ulendo: amanyamuka, amakwera, amafika. Kachamba amazungulira pamalo amodzi n'kumakumba. Amene anazolowera kuyembekezera kuti woimba gitala aonetse luso lake pothamangitsa zala kuchokera kumutu kwa gitala mpaka kumimba adzatopa naye msanga, adzati akungobwereza. Koma yesani kuwerenga maulendo amene gudumu la nyimbo yake ya Dolosina Lumba limazungulira, n'kuona ngati pali awiri ofanana ndendende. Kusintha kwake n'kwa tinthu ting'onoting'ono, ndipo kumafuna nthawi kuti kumveke. M'menemu tepi inamuchitira chilungamo kuposa mmene mbale ya mphindi zitatu ikanachitira, popeza wojambula wosafuna kugulitsa analibe chifukwa chomukwezera dzanja kuti aleke.

Ankachuna gitala m'njira zingapo, iliyonse ndi dzina lake, ndipo magule ndi makaimbidwe ake nawonso anali ndi maina: sinjonjo, saba-saba, double-step, twisti, lumba, hauyani. Mainawa amasonyeza kumene zinthu zinachokera, lumba ku Congo, twisti ku Nairobi, hauyani ku mbale za gitala wa ku Hawaii wotsetsereka ndi botolo kapena mpeni, kaimbidwe kamene Ndiche Mwarare anatchuka nako kuno. Koma kachunidwe sikanali kongosinthira kukwera kapena kutsika kwa liwu. Kachunidwe kalikonse kamaika manoti ena pafupi ndi zala, ena kutali, ndiye kuti kamatsegula njira zina n'kutseka zina. Wopeka nyimbo pa gitala wa mtundu uwu amapeka ndi kayendedwe ka dzanja poyamba, kulira kumabwera potsatira. N'chifukwa chake woimba wa lero amene amayesa nyimbo za Kachamba pa gitala wa nsambo zisanu ndi imodzi wochunidwa mwa masiku onse amatha kupeza manoti onse molondola, koma nyimboyo osadzuka.

N'chifukwa chomwechonso filimu inali yofunika kwambiri pa mbiri ya zojambula zake. Kuyambira 1972 Daniel anayamba kuyenda ku Ulaya, ndipo m'zaka zomwezo anajambulidwa mafilimu awiri a gitala wake yekha amene anasungidwa ku Göttingen, m'dziko la Germany. Kubik analemba zofotokoza mafilimuwo mu 1976. Mu 1995 kunatuluka vidiyo yotchedwa African Guitar, yosonkhanitsa zimene Kubik anajambula kwa zaka zambiri, ndipo Daniel ali momwemo pamodzi ndi Mwenda Jean Bosco ndi ena. Zidutswa za vidiyo imeneyi zimapezeka pa YouTube. Mukaona, chinthu choyamba kudabwa nacho ndi kuchepa kwa mayendedwe. Dzanja lamanja lili ngati silikuchita kanthu, likungogwedezeka pang'ono, pamene m'makutu mukumva ngati anthu awiri kapena atatu. Mnyamata wophunzira gitala angapindule zambiri pa mphindi zisanu za kuonera zimenezi kuposa pa mwezi wathunthu womvera wailesi.

Sindikufuna kuti zimveke ngati matepi a ofufuza alibe chilema. Ali nacho, ndipo n'chachikulu. Wofufuza amafuna kumva noti iliyonse, choncho amakonda malo a phee, opanda ana olira, opanda oledzera oimba nawo, opanda mapazi a ovina. Koma nyimbo za Daniel zinabadwira m'misewu, m'malo omwera mowa ndi m'maphwando, kumene woimba amaona chiuno cha wovina n'kudziwa kuti apa ndikankhe, apa ndibweze. Pa zojambula zina za iye yekha mumamva ungwiro, koma mumamvanso kuti palibe amene akumuyankha. M'maholo a ku Ulaya anthu ankakhala pa mipando n'kumadikira kuti amalize aombe m'manja. Zimenezo zinamupatsa ulemu umene kwawo unkaperewera, ndipo zinamulola kuonetsa tinthu tosamveka m'phokoso, koma zinachotsa mbali ina ya ntchito imene nyimbozo zinapangidwira. Zojambula za MBC, ngakhale zinkatifika zopanda thupi lonse la gitala, zinali ndi ubwino wakuti ankadziwa kuti akulankhula ndi anthu omva Chichewa, amene adzaseka pamalo oyenera kuseka. Kachamba wathunthu ali pakati pa ziwirizi, ndipo palibe tepi imodzi imene inamugwira yense.

Vuto lina ndi kumwazikana. Zojambula zake zili m'nkhokwe ku Vienna, m'mafilimu a ku Germany, m'matepi a MBC, ndi m'zimbale zochepa zosowa m'masitolo a kuno. Mu 1989 nyumba yosungira zakale ya ku Berlin inatulutsa zimbale ziwiri pamodzi zotchedwa Opeka Nyimbo, ntchito ya Kubik ndi Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka komweko, zimene zinaika oimba a kummwera kwa Malawi pa maina awo monga eni nyimbo, osati kungoti nyimbo za mtundu wakuti. Mu 1992 dipatimenti ya zaluso ku Chancellor College inatulutsa kaseti yomukumbukira Daniel. Izi zinali ntchito zabwino, zochitidwa ndi anthu omukonda. Koma zonse zinabwera mwini wake atapita kale mu Julaye 1987, ali ndi zaka 40, ndipo mpaka lero munthu wamba sangathe kuyala nyimbo zake motsatana zaka n'kumva mmene anakulira.

Nanga blues? Pali chizolowezi chonena kuti blues inachokera kwathu kuno, kotero kuti woimba aliyense wa gitala wodandaula timamutcha wa blues. Kubik yemweyo, m'buku lake la 1999 lotchedwa Africa and the Blues, anatsutsa kufulumira kotere. Anaonetsa kuti mizu yambiri ya kaimbidwe ka blues imaloza ku madera ouma a kumadzulo kwa Africa, kuchokera ku Mali mpaka kumpoto kwa Nigeria ndi Cameroon, osati kuno. Kwa ife blues inafika pa mbale, monga zinafikira zinazo. Mutu umodzi wa bukulo umafotokoza mmene oimba kwela anatengera dongosolo la blues la magawo 12 n'kulimva mwa njira yawo, ngati gudumu lina lozungulira, lalitaliko kuposa aja anazolowera. Ndikuona kuti kunena zoona zimenezi kumamukweza Kachamba kuposa kumupachika dzina la eni ake. Sanali wa blues wosochera ku Chileka. Anali munthu amene anamva blues, jazz, lumba ndi twisti, n'kuzipinda kuti zilowe m'kamvedwe ka kwawo.

Pali nyimbo imodzi imene imandichititsa kuima nthawi zonse: Maliro aKachamba, m'mene anaimba za maliro ake omwe iye ali moyo. Oimba blues anachitaponso zotere. Blind Lemon Jefferson anajambula nyimbo yokamba za manda ake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Koma mverani chimene gitala wa Daniel akuchita pansi pa mawu olemerawo. Sakulira nawo. Sakukoka nsambo kuti zibuule, monga akanachitira woimba blues wa ku Mississippi. Akupitiriza kuzungulira mwa mayendedwe ake, modekha, ngati palibe chachitika. Kwa mlendo izi zingaoneke ngati mawu ndi gitala sizikugwirizana. Kwa munthu wa dera limene gule amatuluka pa maliro, kumene ng'oma zimalira mwamphamvu thupi likupita kumanda, palibe chosagwirizana. Chisoni chili m'mawu, ndipo ntchito ya choimbira ndi kunyamula anthu kuti asagwe nacho. Pa nyimbo imeneyi ndi pamene ndimaona kuti anthu a kumapiri kuno akanamumva bwino Daniel kuposa omvera ake a ku Vienna, akanakhala kuti anapatsidwa mwayi womumva bwinobwino.

Izi zikundifikitsa pa chimene chimandiwawa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anaima ku Visanza, kumene lero ndi boma la Ntchisi, n'kujambula nyimbo za Achewa a kumeneko. Matepiwo ali ku International Library of African Music ku yunivesite ya Rhodes, ku South Africa, ndipo ndi chuma. Koma ntchito yaikulu yojambula oimba gitala ndi banjo m'zaka zotsatira inachitikira kummwera, kufupi ndi situdiyo za MBC ku Blantyre ndi kufupi ndi Chileka kumene ofufuza anamanga msasa. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, woimba banjo wa liwu lokanda mtima, anamveka pa MBC ndipo pambuyo pake John Lwanda anatulutsa nyimbo zake pansi pa dzina la Pamtondo. Iye ndi Kachamba anapezeka pamalo pamene maikolofoni inkadutsa. M'midzi ya Dowa ndi Ntchisi munali, ndipo mudakali, anyamata a mabanjo a zigubu ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, oimba pa misika ya fodya, pa maukwati ndi pa zikondwerero za mganda. Ena mwa iwo anapeza kachunidwe kawokawo monga anachitira Daniel, pa chifukwa chomwecho, chakuti anaphunzira ndi khutu lokha. Woimba wotere akasiya kuimba chifukwa cha ukalamba, ulimi kapena tchalitchi, kachunidweko kamapita naye, chifukwa sikalembedwa paliponse.

Lero makina ojambulira ali m'thumba la aliyense, ndipo masitudiyo a kompyuta afika mpaka m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu wa M1. Komabe gitala wotoledwa ndi zala ziwiri sakupindula nazo kwenikweni. Wojambula wa kompyuta amayamba ndi kuika ng'oma za m'makina zogunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako amauza woimba kuti atsatire. Kuchedwa dala kuja ndi kufulumira kuja, kumene kuli moyo wa kaimbidwe aka, makina amakuona ngati kulakwitsa ndipo amakuwongola. Akawonjezera besi ya kiyibodi, ntchito ya chala chachikulu imakwiririka, ndipo kanyimbo kobisika kaja sikabadwanso, popeza mipata imene kamabadwiramo yadzazidwa. Ku Dzaleka, mu Dowa momwemuno, kuli oimba gitala ochokera ku Congo, dziko la Bosco, ndipo chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014, chimawaonetsa pamaso pa anthu. Ndi mwayi wosowa kuti zidzukulu za kaimbidwe kamene Daniel ankakamva pa mbale zikhale pa mtunda woyenda ndi njinga kuchokera kwa anyamata athu a mabanjo. Kukumana kwawo kukanayenera kujambulidwa mmene kulili, maikolofoni awiri kapena atatu, popanda kuwonjezera kanthu.

Kuti njira imeneyi imagwira ntchito taonera kwa a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni, gitala wa nsambo zinayi ndi ng'oma yomenya ndi chidendene. Zimbale zawo Wasalala ya 2019 ndi Musakayike ya 2022 zinasiya anthu awiriwo akhale awiri, ndipo chifukwa cha ichi mumamva kukokana kwa zida zawo, mmene wina amakankhira mnzake ndi mmene amabwezerana. Koma zimbalezo zinatuluka kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva, monga chimbale cha abale a Kachamba chinatulukira ku Vienna zaka pafupifupi 50 m'mbuyomo. Nyimbo masiku ano zimafika m'midzi ya kwa Nthondo ndi kwa Kayembe kudzera kwa anyamata a makompyuta a pa msika, oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori khadi. M'makompyuta amenewo ndi m'mene zojambula za gitala wa Daniel yekha ziyenera kulowa, pamodzi ndi mafilimu aja oonetsa zala zake, mwa chilolezo cha banja lake ndi cha osunga matepiwo, kuti mnyamata wosema banjo ku Ntchisi aone mmene mnzake wa ku Chileka anathetsera mavuto omwe iye akulimbana nawo pa nsambo zake.